Bwana akamanena zoona

Ndinayamba ntchito ya ukalaliki ku Limbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene mawu pantchito ankangotsika kuchokera kwa akuluakulu, osakweranso. Bwana akalemba chidziwitso, mesenjala ankakachikhoma pabolodi, ife n'kuwerenga, n'kubwerera pamipando yathu mwakachetechete. Dziko lonse linkaloweza ngodya zinayi za chipani cha Kongeresi: umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Koma pantchito, kumvera ndiko kunkaposa zonse. Bambo anga, amene anakalambira m'minda ya tiyi ku Thyolo, ponditsanzika anangoti, "Mwanawe, kapitawo sayankhidwa."

Kukhala chete kuja sikunali kukhulupirirana. Madandaulo tinkauzana tokhatokha pa nkhomaliro. Makina akayamba kulira modabwitsa kapena katundu akaperewera m'sitolo, aliyense ankatseka pakamwa poopa kuti woyamba kunena ndiye asenza mlandu. Bwana ankalandira yankho limodzi tsiku lililonse: "Zonse zili bwino, bwana." Mantha athuwo ankamubisira zimene ankayenera kudziwa kuti ayendetse bwino ntchito.

Zonse zinaphulika mu 1992. M'mwezi wa Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inadzudzula poyera malipiro ochepa a anthu wamba. Mu Epulo Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, sitalaka n'kufalikira m'makampani ena, ndipo anthu anafa m'zipolowe zimene zinatsatira. Mkwiyo umene unasowa kolankhulira kwa zaka zambiri unatulukira mumsewu.

Ufulu wa zipani zambiri utabwera, malamulo anasintha. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 linateteza ufulu wolowa mabungwe a apantchito, ndipo Employment Act ya 2000 inaletsa kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Wolakwiridwa anapeza kokadandaula ku bwalo la milandu ya zantchito. Ndimathokoza kuti ana athu akuyamba ntchito zimenezi zilipo kale.

Komabe lamulo limangotsegula pakamwa, silikakamiza munthu kukhulupirira mnzake. Ndinaona izi m'zaka zimene boma linkagulitsa makampani ake. Anzanga ena anamva pa wailesi kuti ntchito ikutha, pamene akuluakulu awo anali akuwatsimikizirabe kuti asade nkhawa. Kuchotsedwako kunawawa, koma chimene amakumbukira mpaka lero ndi bodzalo, chifukwa akanadziwa msanga sakanatenga ngongole kapena kuyamba kumanga nyumba.

Ndinagwiranso ntchito pansi pa mayi wina amene ankachita mosiyana. Ndalama zitavuta pakampani, anatisonkhanitsa mwezi usanathe, n'kutiuza kuti malipiro achedwa, chifukwa chake, ndi tsiku limene akuyembekezera kulipira. Anati ayamba kulipira alonda ndi osesa, iwo alandira pomaliza. Tsikulo litayandikira ndalama zisanakwane, anabweranso okha kudzatiuza. Tinadandaula ndithu, koma tinatha kukalankhula ndi eni nyumba ndi aphunzitsi a ana athu nthawi ikanalipo. Kuyambira pamenepo, wolakwitsa kanthu ankapita yekha ku ofesi kukanena, podziwa kuti akamvedwa kaye asanaweruzidwe. Mayiwo ankadziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala mesenjala.

Lero chinsinsi sichigona pantchito. Nkhani imazungulira pa WhatsApp chidziwitso chisanalembedwe n'komwe, ndipo bwana wochedwa kulankhula amapeza mphekesera zitamulankhulira kale. Koma mantha sanathe. Mnyamata wa kontirakiti ya miyezi itatu, podziwa kuti ofuna malo akewo ndi ambiri, amayankhabe kuti zonse zili bwino.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti udindo woyamba uli ndi wamkulu. Wogwira ntchito ayeneradi kunena zoona za ntchito yake, koma iye akalankhula amaika chakudya cha banja lake pachiswe, pamene bwana amangotayapo kaulemu pang'ono. Amene ali ndi mphamvu ndiye ayambe: anene nkhani yowawa nthawi ikanalipo, asunge zimene walonjeza, ndipo asalange munthu chifukwa chomuuza zimene sanafune kumva.