Mtengo wa Maliro a M'kanema

Mwa maluso onse amene Amalawi timachita, palibe lodya ndalama ngati la kanema. Mlakatuli amangofuna cholembera ndi pepala, ngakhale lolembedwa kale mbali imodzi. Woimba akakhala ndi gitala ndi mawu abwino, wayamba kale ntchito. Azisudzo nawo amabwereka holo ya sukulu, kupachika nsalu ziwiri, sewero n'kuyamba. Koma wopanga kanema asanajambule ngakhale mphindi imodzi, pamafunika kamera, nyale, jenereta, galimoto, mafuta, ndiponso chikhamu cha anthu choti chidye dzuwa likafika paliwombo. Zonsezi m'dziko limene nyumba zoonetsera kanema monga Apollo ya mu Blantyre zidatsala m'nkhani za achikulire, ndipo wailesi ya kanema idayamba mochedwa, mu 1999.

Chodabwitsa n'chakuti makanema akupangidwabe, ndipo ena adatitengera ulemu kunja. Kanema woyamba wa a Shemu Joyah, Seasons of a Life, adapatsa Tapiwa Gwaza mphoto ya Africa Movie Academy Awards ku Nigeria mu 2010. Mu 2012 a Joyah adatulutsa The Last Fishing Boat, wojambulidwa m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, kenaka mu 2017 The Road to Sunrise, nkhani ya amayi oyendayenda a m'makwalala a Blantyre, amene adakhala kanema woyamba wa ku Malawi kutumizidwa ku mpikisano wa Oscar. Mayi Joyce Mhango Chavula nawo adabwera ndi chikho cha Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 chifukwa cha kanema wawo Lilongwe. Mu 2021 dziko lidatumizanso ku Oscar kanema wa Gift Sukali wotchedwa Fatsani. Ine mphotozo zimandisangalatsa ndithu, koma chimene ndimayang'ana kwambiri ndi zaka zimene zili pakati pa kanema wina ndi mnzake. Munthu waluso ngati a Joyah kukhala zaka zisanu osatulutsa kanthu, si kuti nkhani zidawathera. Nkhani m'dziko muno n'zosasowa. Chosowa ndi chija tonse timachidziwa.

Ine ndine mlembi wa madzulo ndi Loweruka. Masana ndimalemba makalata a boma, oyamba ndi nambala ya fayilo ndi kutha ndi siginecha ya bwana wina. Kwa zaka zitatu ndidakhala ndikulemba sewero la kanema, masamba 94, lonena za mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake adabwera kudzalanda katundu mtembo usanalowe n'komwe m'manda. Nditamaliza ndidalipereka kwa mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene amajambula maukwati ndi nyimbo za makwaya, koma mtima wake uli pa kanema weniweni. Ndinkayembekeza kuti tikambirana za anthu a m'nkhanimo, za chisoni cha mayiyo, za nkhanza za alamu ake. Iye adabwera ndi cholembera chofiira ndi kakyuleta ya pafoni.

"Amalume," adatero, "maliro awa pali anthu angati?"

Ndidati maliro a kumudzi sawerengedwa anthu, mudzi wonse umakhalapo.

"Ndiye tinene 200. Anthu 200 amenewa adye masiku atatu, chifukwa maliro anuwa ali ndi masamba 15, ndipo ife tikalimbika timajambula masamba asanu pa tsiku. Tsiku lachiwiri abwerenso onsewo atavala zomwezo, atakhala pomwe anakhala dzulo. Mayi amene anafunda chitenje chobiriwira akapita kukagulitsa tomato, wina aliyense woonera aona kuti pamphasa paja pasowa munthu. Bokosi tigule. Amfumu tiwaone. Ndiye mwalembanso kuti kukugwa mvula."

Mvulayo ndidailemba ndi mawu asanu okha, ndipo sidandidyere tambala. Pamenepo ndidaona kusiyana kwa ntchito yake ndi yanga. Kwa opanga kanema tsamba limodzi la sewero ndi pafupifupi mphindi imodzi ya kanema, ndipo liwu lililonse lili ndi mtengo wake. Ukalemba kuti "usiku", walemba jenereta ndi mafuta ake. Ukalemba kuti "pamsika", walemba anthu ambirimbiri oyang'ana mu kamera ndi kubayibitsa abale awo. Ukalemba kuti mwana wa zaka zisanu akulira, walemba tsiku lathunthu lomunyengerera, ndi mayi ake omwe. Mnyamatayo adang'amba nkhani yanga m'zidutswazidutswa, n'kuisanja potsata malo: zonse zochitika pakhonde zijambulidwe tsiku limodzi, ngakhale zina zili koyambirira, zina kumapeto. Ndiye kuti wochita sewero amalira maliro a mwamuna wake m'mawa, masana n'kukhala akuseka naye mwamunayo ali moyo. Kuyambira tsiku limenelo ndimawapatsa ulemu wina anthu ochita sewero pa kamera.

Tidakangana kwa milungu iwiri. Mathero ake malirowo tidawalowetsa m'nyumba ya siwa. Kamera ikhala ndi mayi wamasiyeyo ndi amayi anayi omukhazika, khamu lija lizingomveka panja: nyimbo, kulira, mawu a mkulu wa mpingo. Pamene alamu akutulutsa mipando, mayiyo sakuona, akungomva miyendo ya tebulo ikukhula pakhomo. Ndikawerenga tsopano, chigawo chimenechi chimandigwira pakhosi kuposa chija cha anthu 200, ndipo amene adachibala ndi umphawi.

Izi zikundifikitsa pa nkhani ya mawu, imene ndikuona kuti ndiyo ikupha makanema ambiri a kwathu kuno. Makamera adatsika mtengo, ndipo lero ngakhale foni imajambula zithunzi zimene wojambula wa m'zaka za m'ma 1990 akadaziyesa maloto. Achinyamata athu aphunzira kuulutsa kamera m'mwamba kuti tione madenga a Ndirande ngati mbalame. Koma munthu akayamba kuyankhula, mawu ake amamveka ngati ali m'mgolo. Woonera amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma akalephera kumva zimene zikunenedwa amadzuka n'kumapita. Ndipo dziko lathu, abale, n'laphokoso. Uli pakati pojambula munthu akufunsira mbeta, chigayo chayamba. Chigayo chikaleka, tambala. Tambala akaleka, mpingo wapafupi wayatsa zimkuzamawu, kenaka njinga yamoto ya kabaza, kenaka jenereta yanu yomwe imene mwabwera nayo chifukwa magetsi azima. Munthu wonyamula maikolofoni pa ndodo, amene dzina lake limalembedwa kumapeto anthu atatuluka kale, ndiye ayenera kulipidwa bwino kuposa ambiri. Kawirikawiri ntchitoyi amapatsa mnyamata aliyense amene wapezeka ali chilili.

Tsono tinene kuti kanema watha bwino, mawu akumveka. Ndalama ibwerera bwanji? Njira yodziwika ndi kubwereka holo ya hotela ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kugulitsa matikiti, anthu n'kubwera atatchena. Usiku umodzi mumzinda uliwonse, basi. Pakatha sabata kanema uja ali m'timashopu tokopera nyimbo, akuthiridwa m'mafoni ndi m'mafulashi pa mtengo wa mandasi awiri, mwini wake osaonapo kanthu. Lamulo la zokopera lilipo, lidakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira 1992, koma palibe wapolisi amene angaime pa kashopu kalikonse ka m'Malawi muno. Ena amathawira ku YouTube. Kumeneko malipiro amachokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda salipira zambiri kuti aonedwe ndi anthu a m'dziko losauka, amenenso amayamba awerengera bandulo asanatsegule kanema wa maola awiri.

Anzathu a ku Nigeria adayambira kumsika. Living in Bondage, kanema wa 1992 amene ambiri amati ndiye adatsegula njira, adapangidwa ndi Kenneth Nnebue, munthu wamalonda, m'chiyankhulo cha Igbo, n'kugulitsidwa pa matepi a vidiyo. Amalonda a m'misika ya Lagos ndi Onitsha ndiwo ankaika ndalama zawo, chifukwa njira yogulitsira adali nayo kale m'manja. Ife tidayambira kumphoto, msika n'kumaufuna pambuyo.

Thumba lina limene lilipo ndi la mabungwe ndi la maofesi ngati yathu. Ndakhalapo m'komiti yoona za kanema wophunzitsa anthu, ndipo ndikudziwa mmene zimayendera. Wopanga kanema amabwera ndi nkhani yamoyo. Wina m'komitimo amati uthenga sukumveka, wina amati mfumu isaoneke yoipa, wina amati pamapeto pakhale mlangizi wofotokoza mfundo zonse zisanu. Pofika msonkhano wachitatu anthu a m'nkhanimo aleka kuyankhula ngati anthu, akuyankhula ngati zikwangwani za kuchipatala. Sindikunyoza ndalama imeneyi, chifukwa yaphunzitsa ambiri kugwira kamera ndipo yalipirira ana sukulu. Koma wakudyetsa ndiye amakuuza nyimbo yoti uimbe, ndipo wojambula amene wazolowera kusangalatsa komiti amavutika tsiku limene wakumana ndi anthu olipira okha pakhomo.

Mu 2019 Netflix idaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo atasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Adautsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amene adaseweranso ngati bambo a William. Mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Mmalawi amene adapatsidwa mbali yaikulu ndi Lily Banda. Ambiri tidaseka Chichewa cha alendowo, ndipo n'zoona, pena chinkamveka ngati cha wansembe wongofika kumene. Koma ine kusekako kudandithera msanga. Anthu aja adajambula kanemayo ku Kasungu komweko, adavutika kuphunzira chiyankhulo chathu, n'kuchigulitsa ku dziko lonse lapansi mawu a Chingerezi ali pansi pa chithunzi. Pamene ife eni ake timayankhulitsa agogo a kumudzi Chingerezi cha ku Chancellor College poganiza kuti ndicho chingatifikitse kunja.

Amene adazindikira kale za chiyankhulo ndi anyamata omasulira mafilimu m'matauni mwathu. Amatenga filimu ya ku China, ya ku India kapena ya ku America, n'kuthiramo mawu awo m'Chichewa cha pamsika, kuwapatsa anthu a m'filimumo mayina a kwathu, kuwonjezamo nthabwala zimene mwini filimu sadaziloteko. Mwa lamulo ndi akuba, ndipo COSOMA ikadakhala ndi mphamvu ikadawatsekera. Koma pitani pa kanyumba ka vidiyo kalikonse, kaja ka mabenchi ndi chiguduli pakhomo, mukaone amene akudzaza anthu. Anyamata amenewa amadziwa pamene woonera aseke, pamene atope, ndi mawu amene mwana wa ku Mtandire akawabwereze mawa kusukulu. Katundu wawo amafika ku Nsanje ndi ku Chitipa popanda galimoto ya kampani. Mwana wa mlongo wanga adandiuza kuti mmodzi wa iwo amamaliza filimu yathunthu tsiku limodzi, m'chipinda chimene adakhoma matileyi a mazira kukhoma kuti mawu asamamveke ngati a m'mgolo.