Liu Lakuti "Kuposa" ndi Funso la Ndalama

Mphunzitsi mnzanga, pali funso lina limene amapatsa anthu oyamba kumene kuphunzira kulemba mapulogiramu a kompyuta. Ine ndimalikonda cifukwa phata lace lagona pa liu limodzi limene inu mudzaphunzitsa m'kalasi, liu lakuti "kuposa".

Funsolo liri motere. Tamva mau atatu: mlimi ali ndi ndalama zambiri kuposa msodzi, msodzi ali nazo zambiri kuposa telala, telala ali nazo zambiri kuposa mlimi. Kodi mau atatuwa angakhale oona onse pamodzi? Ciganizo ciriconse pacokha cimveka bwino, koma mukaziika pamodzi mupeza kuti mlimi wadziposa yekha, cinthu cosatheka.

Kompyuta siidziwa mlimi kapena msodzi, ingowerenga cabe kuti munthu aliyense waposa anzace kangati. Mau akagwirizana, mmodzi aposa kawiri, wina kamodzi, wacitatu saposa aliyense, ndipo pamenepo mwapeza kale wolemera ndi wosauka. Aliyense akaposa kamodzi, mauwo angozungulira ndipo atsutsana. Pa njira 8 zimene mau atatu otere angaimire, 6 zigwirizana, 2 zitsutsana. Anthu akaculuka, ticotsa uyo amene palibe womposa, kenaka tibwereza mwa otsala. Tikafika poti otsala onse ali ndi wowaposa, tadziwa kuti penapace pali bodza. Njira yotere anaifalitsa A. B. Kahn m'caka ca 1962.

Mwina mudzatumizidwa ku sukulu kumene kulibe magetsi. Zimenezo zisakudetseni nkhawa, pakuti ana atatu ndi timiyala takwanira. Werengani ciganizo cimodzicimodzi, ndipo woposayo atole mwala. Pomariza funsani kalasi kuti, "Nanga wolemera ndani?" Musafulumire kuwayankhira. Alekeni atsutsane m'Cinyanja cao kufikira mmodzi atanena yekha kuti zimenezi sizingatheke, ndi kufotokoza cifukwa cace.

Cimene ine ndiopa ndi ici: mwana akhoza kulemba ziganizo khumi za "kuposa" popanda colakwa, inu n'kumconga, koma iye osazindikira kuti ziganizozo zikanganirana. Mwana wotere akadzakula adzasunga ndalama za kalabu kapena za mpingo, ndipo adzavomera lipoti liri lonse lolembedwa mwaukhondo. Mphunzitseni kuika mau pambali pa mau anzace asanawavomere.