Mwini kavalo akakwera ndege, m'khola mumatsala ndani?

Anthu okhala ndi akavalo amene ntchito yawo ndi yoyendayenda amakonda kufunsana kuti angatani kuti ntchito iyende, kavalonso asavutike. Malangizo amene amapatsana ndi omwewomwewo: lembani ndandanda ya chakudya, siyani nambala ya dokotala wa ziweto pakhoma la khola, ikani kamera kuti muzionera kavaloyo pa foni muli ku hotelo. Kwa ife ophunzira, amene ndalama ya chiwaya imatha mwezi usanafike pakati, zimenezi ndi nkhani za anthu olemera. Ine zimandikhudza chifukwa amalume anga akhala akusamala akavalo a eni ake kufupi ndi Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, kwa zaka zoposa khumi. Pa malangizo onse aja, munthu ngati iwo satchulidwa.

Kavalo sali ngati mbuzi yomwe ungaimangirire pachitsa n'kupita kumaliro tsiku lonse. Chifu chake ndi chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, choncho amafunika kudya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amadya udzu wouma wokwana makilogalamu 8 mpaka 10 pa tsiku, ndipo amamwa madzi opitirira malita 25, kukatentha n'kuposa apo. Chinanso, kavalo sasanza. Chakudya chikasinthidwa mwadzidzidzi kapena madzi akachepa, amagwidwa ndi matenda opotokola m'mimba otchedwa colic, amene angamuphe usiku umodzi wokha. Ziboda zake zimafunika kudulidwa pakatha milungu 6 mpaka 8 iliyonse. Ndipo amakhala ndi moyo zaka 25 mpaka 30. Wogula kavalo lero walonjeza ntchito ya tsiku ndi tsiku mpaka mwana wake wobadwa chaka chino adzamalize yunivesite.

Ku South Africa kuli chiopsezo china, matenda a African horse sickness. Amafala ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka tomwe timaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi mbandakucha. Katemera wake amaperekedwa chaka ndi chaka pakati pa June ndi October, koma nyengo ya mvula ikafika pamafunikabe munthu wolowetsa akavalo m'khola dzuwa lisanalowe ndi kuwatulutsa mame atauma. Kamera ingaonetse kavalo akugubuduka pansi ndi ululu, koma singamudzutse, singamuyendetse, singaitane dokotala.

Ndiye anthu oyendayenda amalipira chimene kumeneko amati full livery: kavalo amakhala pa khola la munthu wina, chakudya, kutsuka ndi kusesa zonse zili pa mtengo umodzi wa pamwezi. Pa pepala, vuto latha. Koma ntchitoyo imagwiridwa ndi manja a munthu. Amalume amadzuka kusanache, kupala ndowe, kusintha utuchi wogonapo akavalo, kuyeza chakudya, kupesa ubweya, kutokosa ziboda. Amati kavalo wodwala amamudziwira pa zinthu zazing'ono: wasiya chakudya m'chodyera, akupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, akucheukira m'nthiti mwake. Mmodzi mwa eni akavalowo amakhala m'ndege pafupifupi theka la mwezi uliwonse, lero ku London, mawa ku Dubai. Akabwera amapeza kavalo wake wonyezimira, n'kukwera Loweruka m'mawa, n'kujambulitsa.

Agogo anga aakazi atamwalira, amalume anafika kumudzi maliro ataikidwa kale. Sabata imeneyo eni akavalo awiri anali kunja, kavalo mmodzi anali pa mankhwala, ndipo woyang'anira khola anati palibe wina woti angasiyiridwe. Atalolezedwa patapita masiku, panatsala ulendo wa basi wa masiku awiri, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Anakaona manda a mayi awo nkhata za maluwa zitayamba kufota. Sindikunena kuti eni akavalo aja anachita dala. Mwina sanamve n'komwe za malirowo. Chimene chimandipweteka n'chakuti dongosolo lonselo linakonzedwa kuti iwo aziyenda momasuka, ndipo limayenda bwino pokhapokha ngati pali munthu mmodzi amene sayenda.

M'kalasi ya mbiri yakale tinaphunzira kuti m'masiku a Nyasaland akavalo sankakhalitsa m'madera ambiri chifukwa cha matenda obwera ndi kashembe. Azungu ambiri ankayenda pa machila, atanyamulidwa ndi amuna a m'midzi yathu omwe ankasinthana panjira. Pambuyo pake Wenela inatenga amuna athu kupita nawo ku migodi ya ku Joni, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Nthawi imeneyo minda, mbuzi ndi ana zinkatsala ndi amayi. Zinthu zasintha, koma ndimaonabe chinthu chomwecho: aliyense woyenda amakhala kuti wasenzetsa wina katundu amene sangakwere naye.

Wina anganene kuti amalume amalipidwa, ndipo palibe anawakakamiza. N'zoona. Ntchito imeneyi yamanga nyumba ya malata kumudzi, yaphunzitsa asuweni anga, ndipo nanenso yandigulira mabuku. Amalumewo akavalo amawakonda, amawatchula mayina ngati ana. Kuyambira pa 1 January 2019 dziko la South Africa lili ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa, lomwe linayambira pa R20 pa ola. Koma malipiro amayankha funso la maola amene munthu wagwira. Sayankha funso lakuti iyeyo akafuna kuchoka, adzatsala ndani. Mwini kavalo ali ndi womutsalira. Wotsalayo alibe.

Ndalemba zimenezi kwa inu anzanga chifukwa ambiri a ife tikulota ntchito za m'mabungwe, zoyendera mapulojekiti ku Nsanje ndi ku Karonga, zamisonkhano ya ku Mangochi ndi ku Salima komwe kumatuluka alawansi. Mwina sitidzagula akavalo, ngakhale ena mwa inu munawakwerapo paphiri la Zomba. Koma malipiro oyamba akadzayamba kubwera tidzagula mbuzi, ng'ombe ya mkaka, nkhuku zoikira, nkhumba. Tidzazisiya kumudzi n'kumanena kuti tili ndi bizinesi. Wodyetsa ziwetozo adzakhala mng'ono wathu amene azidzajomba kusukulu, kapena mayi athu amene nsana ukuwavuta kale, kapena mnyamata wa ganyu wolandira ndalama yosakwana n'komwe thumba la chimanga. Ena tidzasiya mwana ndi mtsikana wantchito amene sadzapita kwawo ngakhale pa Khirisimasi. Ife tidzakhala tikufunsa pa WhatsApp ngati mbuzi zamwa madzi.

Sindikuletsa munthu kuweta kapena kuyenda. Ndikungoti powerengera mtengo wa chiweto, tiziyamba ndi munthu. Tisanagule, tidziwe dzina la amene adzachisamale ife kulibe, ndipo iyeyo avomere yekha, osati chifukwa choopa kukana achimwene ake ophunzira. Tigwirizane malipiro ndi masiku opuma. Koposa zonse, pakhale munthu wachiwiri wodziwa ntchitoyo, woti woyambayo akadwala kapena akamva uthenga wa maliro anyamuke tsiku lomwelo osapempha kawiri. Ngati ndalama zathu sizikukwana kulipira munthu wachiwiriyo, kapena ife eni sitingathe kusiya ulendo umodzi kuti tikagwire khola sabata imodzi, ndiye kuti chiwetocho sitinafike pochikwanitsa. Ndi bwino kudikira chaka china, kapena kugula mbuzi ziwiri m'malo mwa khumi.