Mtengo wa Chigoba cha Nkhono

Ife a ku Thuchila nkhono timaidziwa bwino. Imatuluka mvula ikagwa, n'kumakwawa m'dimba itasenza nyumba yake. Nyanja yamchere ili kutali nafe, komabe zigoba za nkhono za kumeneko zinafika kumtunda kuno kalekale.

M'matanthwe a nyanja ya Indian mumakhala nkhono zotchedwa Trochus. Chigoba chake n'chosongoka ngati denga la nkhokwe, ndipo mkati mwake mumanyezimira ngati ngale. Nkhonoyo imamanga kuwalako pang'onopang'ono, poyala timiyalo topyapyala ta laimu, kena pamwamba pa kanzake. Pulasitiki asanafale, mabatani ambiri a malaya ankadulidwa m'zigoba zimenezi.

Koma chigoba chimene chinagwira mitima ya makolo athu chinali cha nkhono ina yosongokanso, yotchedwa Conus. Amisiri ankadula mbali yake yotakata, naipala mpaka ikhale gudumu loyera lokhala ndi mzere wozungulira. Imeneyi ndiyo mphande, chokometsera cha mafumu, chimene amalonda ankabwera nacho kuchokera kugombe pamodzi ndi nsalu ndi mikanda.

Mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda inaveka David Livingstone mphande m'khosi. Iye analemba kuti kumeneko mphande ziwiri zinkagula kapolo, ndipo zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Tiwerengere bwino: dzino la nyama linkaposa anthu awiri.

Sitinganene kuti izi zinali za kutali. Njira ya akapolo yopita kugombe inkadutsa pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pamene atsamunda anamanga Fort Lister mu 1893 pofuna kuitseka. Ena mwa ife ndife zidzukulu za onyamula katundu, ena za ogulitsa, ena za ogulidwa, ndipo lero timatunga madzi pamjigo umodzi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikadekha, tiona kuti nkhono inamanga chigoba kuti ibisalemo, mtengo tinauika ndife anthu. Amalonda a ku Ulaya atayamba kuumba mphande zadothi m'mafakitale, ulemerero wake unatha. Amene anagulitsidwa aja sanabwererenso kwawo.

Choncho mwana wathu wamkazi akamachotsedwa pasukulu chifukwa cha mphatso za mwamuna wachuma, kapena mnyamata akamaperekedwa kwa wonyamula anthu mozemba kupita ku Joni, tifunse modekha kuti mphande za masiku ano n'ziti, ndipo zidzawala kufikira liti.