Tikayenda mu Leicester, tiziwerenganso m'mawindo

Abale ndi alongo, aliyense wofuna kudziwa mzinda wa Leicester aziyenda wapansi n'kumawerenga timakadi totsatsa malonda tomwe timamatidwa m'mawindo a magolosale. Uyu amaluka tsitsi, uyo amanyamula katundu pa vani, wina ali ndi chipinda cha lendi. Timakadi timeneti ndiye wailesi ya anthu obwera.

Ulendo wathu tiuyambire pa siteshoni ya sitima, mu London Road, pomwe mu 1994 anaimikapo chiboliboli cha Thomas Cook. Ambirife timangomudziwa ndi za maulendo, koma mkuluyu analinso msindikizi mumzinda uno. Pa 5 July 1841 ananyamula anthu pafupifupi 500 pa sitima kupita ku Loughborough, aliyense atalipira sheleni imodzi, ndipo maulendo otsatira ankawalengeza ndi mapepala osindikiza yekha.

Tikalowera ku Belgrave Road timapeza mashopu a golide, nsalu ndi zakudya za amwenye. Mu 1972, Idi Amin atawathamangitsa ku Uganda, khonsolo ya Leicester inalengeza mu nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere kuno. Anabwerabe, ndipo ndi iwo, pamodzi ndi anzawo ochokera ku Kenya ndi kwathu ku Malawi, amene anadzutsa malonda ambiri mumzindawu. Paja mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Ku Narborough Road nako, kafukufuku wa London School of Economics wa mu 2015 anapeza kuti eni mashopu anabadwira m'mayiko oposa 20. Pamsewu wotere, kakadi ndi kamene kamakulankhulira kwa munthu amene simumvana chilankhulo.

Ife amene timasoka zovala za chitenje kapena kuphika pa maukwati titengerepo phunziro. Kadi ya saizi ya A6, mamilimita 105 ndi 148, imakwana m'thumba komanso pa bolodi ya kutchalitchi. Tiikepo chithunzi chimodzi chooneka bwino, ntchito yathu, dera lathu ndi nambala ya foni, basi. Wina aiwerenge kaye tisanapite kosindikiza, chifukwa nambala ikalakwika ndalama yonse yalowa m'madzi.

Komatu safunsa anadya phula. Wogulitsa zakudya, ngakhale zophikira kunyumba, ayenera kulembetsa ku khonsolo masiku 28 asanayambe. Lamulo la mu 2005 linapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa kugawa timapepala m'misewu ina popanda chilolezo, choncho tizifunsa kaye. Inu ana athu a ku De Montfort ndi University of Leicester, viza ya ophunzira silola kuchita bizinesi yanuyanu. Kakadi kokhala ndi dzina ndi foni yanu kakhoza kusanduka umboni wokubwezetsani kumudzi maphunziro asanathe. Malizani kaye sukulu, makina osindikizira sathawa.