ZA CHIMBUDZI CHA MANYOWA MU MZINDA WA LILONGWE

Pali mau ena amene makolo athu sankawatchula pabwalo. Munthu akafuna kudzithandiza ankangoti wapita kuthengo, ndipo onse ankamva. Koma ife okhala mu Lilongwe tilibenso thengo, pakuti chiyambire 1975, pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza kuno, nyumba zadya tchire lonse. Tsono mutilole tikambe za chimbudzi poyera, popeza akulu anati manyazi anapha lambe.

Taonani makhalidwe a mzinda wathu. Ku City Centre ndi ku nyumba za mipanda za ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 kuli zimbudzi zogejemula, ndipo zonyansa zimapita m'mathanki okwiriridwa pansi, zina zimayenda m'mipope kufikira ku maiwe a ku Kauma. Koma mlonda wa nyumba zimenezo, wophika, wosamala maluwa, ndi mayi wogulitsa tomato pa msika wa ku Old Town, ambiri a iwo amagona ku Mtandire, ku Kauma kapena ku Chinsapo, kumene chimbudzi ndi dzenje lokumba. Kumeneko ndiko mabanja ena alandira chimbudzi cha manyowa, chimene ena amachitcha ecosan.

Mamangidwe ake ndi otere. Bambo Peter Morgan wa ku Zimbabwe, amene analandira mphotho ya Stockholm Water Prize mu 2013, anaphunzitsa mitundu iwiri. Wina ndi Arborloo, dzenje losaya limene likadzaza mumalikwirira ndi kubzalapo nthochi kapena papaya. Wina ndi Fossa Alterna, maenje awiri osaya oyandikana. Lina likamagwira ntchito, linzake likupuma chaka chathunthu kufikira zam'katimo zitasanduka dothi. Palinso Skyloo, chimene chimamangidwa pamwamba pa nthaka ndi zipinda ziwiri za njerwa, ndipo mkodzo umayenda njira yakeyake kuti chipinda chikhale chouma. M'zonsezi lamulo ndi limodzi: munthu akatha kudzithandiza athiremo phulusa ndi dothi, pakuti izi ndizo ziletsa fungo ndi ntchentche. Muno mu Lilongwe bungwe la CCODE, pamodzi ndi magulu osunga ndalama a Malawi Homeless People's Federation, linathandiza mabanja kumanga zimbudzi zotere pa ngongole yobweza pang'onopang'ono.

Ife aphunzitsi tinaphunzira ku sukulu ya uphunzitsi kuti ukhondo uteteza moyo, ndipo tauphunzitsa zaka zambiri. Koma tikacheza ndi makolo a ana athu amene anamanga chimbudzi chimenechi, mau awo oyamba sakhala a matenda ai. Amayamba ndi malo. Pa poloti imodzi pagona mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi a lendi. Dzenje lidzaza msanga, mwini nyumba akumba lina, ndiye linanso, kufikira bwalo lonse lasanduka maenje akale ndipo khasu lilibe potera. Chimbudzi chimene achifukula ndi kuchigwiritsanso ntchito chimangidwa kamodzi, ndipo malo otsalawo amangapo chipinda china.

Chachiwiri amatchula mvula. Dzenje lakuya m'dothi lonyowa ligumuka, ndipo mayi agona ndi mantha kuti mwana wake angagweremo. Anthu a ku Mtandire sanaiwale February wa 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira ndi kulowa m'nyumba zawo. Madzi otere asakaniza za m'dzenje ndi za m'chitsime. Koma chimbudzi chokhala pamwamba, kapena chosaya, sichifika msanga pa madzi a pansi.

Chachitatu ndicho manyowa. Feteleza wakwera mtengo chaka ndi chaka, makamaka kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ambiri a m'tauni ali ndi kamunda ka chimanga kunja kwa mzinda, ndipo matumba angapo a manyowa awachotsera nkhawa ina ya dzinja.

Tisabise zovuta zake, chifukwa walira mvula walira matope. Simenti ndi njerwa zifuna ndalama zoposa za dzenje wamba. Alendi ena sathira phulusa, ena athiramo madzi, ndipo chipinda chinunkha. Ena mtima suwalola kugwira manyowawo. Ndiponso mazira a njoka zam'mimba safa msanga. Chotero wofukula adikire nyengo yonse yoikika, avale zoteteza m'manja, asambe ndi sopo, ndipo manyowawo awakwirire m'nthaka, asawawaze pa ndiwo zamasamba zodya zosaphika.

Tsono titembenukira kwa inu abale a m'nyumba za mipanda, amene mungati nkhani iyi si yanu. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Ife tinaona mabenchi opanda ana, a osauka ndi a olemera omwe. Dzanja limene likuphikirani nsima lagona kumene dzenje lasefukira, ndipo ntchentche sipempha chilolezo kwa mlonda wa pachipata. Chifukwa chake mfunseni wantchito wanu za chimbudzi cha kwawo. Ngati afuna kumanga, mkongozeni thumba la simenti. Phulusa la pa mbaula yanu musalitaye, mpatseni. Ndipo manyowa akapsa, muguleko a mitengo yanu ya zipatso. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.