Tsiku limene gambuti inakana kulowa

Ndikuuzeni, abale anga, mpaka lero ndikavula nsapato ndimayamba ndayang'ana phazi.

Chinali chaka cha 2017, nthawi ya dzinja, tiyi atachita kudzadza m'minda kuno ku Mulanje. Paphazi lakumanzere panatuluka kadontho kakuda. Ndinati mwina ndi minga. Timadontho tinachuluka, tofiirira ngati jambula wakupsa. Mwendo unatupa, n'kulimba ngati mtondo. M'mawa wina gambuti inakana kulowa, dengu lothyolera tiyi ndinalisiya.

Usiku wina lilime linagunda kachotupa m'kamwa. Mtima phaphapha. Thukuta lozizira. Ndinagwedeza mayi a kunyumba.

"Bambo a mwana, mawa kuchipatala. Zoti mwalodzedwa sindikufunanso kumva."

Ku Mulanje Mission Hospital anandipeza ndi kachilombo ka HIV. Asilikali a m'thupi, aja amati CD4, sanafike n'komwe 100, pamene munthu wabwinobwino amakhala ndi 500 kapena kuposa. Madontho aja anali khansa yotchedwa Kaposi. Nditamva mawu akuti khansa, makutu anatseka. Ndinangoona ana anga atakhala pansi pamaliro.

Adokotala anandifunsa ntchito yanga. Nditawayankha anakoka mpando.

"Bambo, m'munda wa tiyi kapitawo akasowa zimatha bwanji?"

Ndinati anthu amangoima, wina sadziwa mzere wake.

Anati m'magazi ndi momwemo. Muli alonda amene akapeza mdani amanyamula kachidutswa kake kukaonetsa a CD4. A CD4 ndiwo akapitawo, amaitana a CD8 amene amapha maselo owonongeka limodzilimodzi, ena n'kubwera pambuyo kudzameza zotsala. Khansa yangayi imabwera ndi kachilombo kena, HHV-8, kamene anthu ambiri ali nako koma kamangogona poti asilikali amakapanikiza. HIV inandiphera akapitawo, kameneka kanadzuka n'kuyamba kumeretsa zotupa m'mitsempha ya magazi. Ma ARV sakapha khansa okha, akagonetsa HIV kuti akapitawo abwerere.

Ndinayamba kumwa ma ARV aja. Patangopita masabata ochepa mwendo unatupa kuposa kale. Madzi kutuluka. Fungo. Kuyaka ngati moto. Ndinati basi, ndapita. Anandiuza kuti zimachitika asilikali akadzuka mwadzidzidzi n'kupeza nkhondo ili pakhomo, koma ndisasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi.

Anandilembera kalata yopita kuchipatala cha Queens ku Blantyre kukalandira mankhwala a khansa a mumtsempha. Ena mwa iwo, vincristine, anandichititsa dzanzi m'zala moti batani la shati linkandikanika. Mayi a kunyumba ankandimangira okha, osanena kanthu, ndipo madzulo aliwonse ankanditsuka mwendo ndi madzi ofunda. Ulendo wina pa Chitakale mayi wina wogulitsa nanazi anandisiyira mpando wakutsogolo mu minibasi kuti ndiwongole mwendo. Dzina lake sindinafunse. Ndimamutchula m'pemphero kuti mayi wa nanazi uja, Mulungu akumudziwa.

Kusintha kunadza mwakachetechete. Cha m'kamwa chinayamba kuphwa, nsima n'kumalowa bwino. Madontho anafota, kusanduka zipsera zabii, zosalala. Pamene anandiyezanso n'kupeza kuti asilikali aja akwera, ndinakhala pabenchi panja, phiri la Chambe likuoneka chapatali, ndikusisita mkono wanga ngati ndikuthokoza anthu amene sindidzawaona ndi maso.

Zipsera zilipobe, ndipo kukatentha phazi limatupako pang'ono. Koma m'mawa wina ndinatulutsa gambuti ija kunsi kwa bedi, kugugudamo fumbi ndi kangaude. Ndinalowetsa phazi pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Linalowa. Mayi a kunyumba anagwada pakhomo pomwepo, chipande chili m'manja.